Chiwongoladzanja Sichitsitsa Katundu mu Sitima

Mu Januwale 2022 sitima zonyamula makontena zoposa 100 zinali pamzere panyanja, kudikira malo pa madoko a Los Angeles ndi Long Beach. Panthawiyo madoko awiriwa ankalandira pafupifupi 40 peresenti ya makontena olowa mu America, ndiye akatsamwa, dziko lonselo limabanika. Miyezi inayi izi zisanachitike, mu Sepitembala 2021, kunyamula kontena imodzi ya mafiti 40 kunkadya madola oposa 10,000 malinga ndi muyeso wa kampani ya Drewry, pomwe mliri wa Covid-19 usanagwe ulendo ngati womwewo unkadya madola pafupifupi 1,500. Pofika Juni 2022 mitengo ya zinthu ku America inali itakwera ndi 9.1 peresenti pa chaka. Mu Okutobala chaka chomwecho maiko ogwiritsa ntchito ndalama ya euro anafika pa 10.6, Britain pa 11.1. Mabanki aakulu anatola chida chimene ali nacho m'manja, chiwongoladzanja, n'kuchikweza msanga kuposa mmene anachitirapo kwa zaka makumi angapo. Kuchokera apo akatswiri a zachuma akhala akukangana ngati mankhwala amenewa anali a nthenda imeneyi.

Mkanganowu sungamveke tikapanda kuyamba tasiyanitsa mitundu iwiri ya kukwera kwa mitengo. Nthawi zina mitengo imakwera chifukwa anthu ali ndi ndalama zambiri m'matumba ndipo akulimbirana katundu yemweyo. Nthawi zina imakwera chifukwa katunduyo wachepa, kapena kumupanga ndi kumunyamula kwadula. Pa chipepala cha mtengo m'sitolo ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi. Adam Shapiro wa ku Federal Reserve Bank ya San Francisco, nthambi ya banki yaikulu ya America yotchedwa Federal Reserve, anapeza njira yosavuta yozilekanitsira. Mutenge zinthu zonse zimene mabanja amagula, muzigawe m'magulu oposa 100, ndipo mwezi uliwonse muone zinthu ziwiri pa gulu lililonse: mtengo ndi kuchuluka kwa zimene zagulidwa, poyerekeza ndi zimene zinkayembekezeka. Mtengo ukakwera ndipo zogulidwazo zachulukanso, ndiye kuti ogula ndiwo akukoka. Mtengo ukakwera koma zogulidwazo zachepa, vuto lili kwa opanga ndi onyamula. Mu 2022 njira imeneyi inaonetsa kuti pafupifupi theka la kukwera kwa mitengo ku America kunachokera ku kuchepa kwa katundu, gawo limodzi mwa magawo atatu ku kuchuluka kwa ogula, ndipo zotsalazo sizinkadziwika bwino mbali yake. Njirayi ili ndi chilema chake: gulu limodzi likhoza kukokedwa mbali zonse ziwiri mwezi womwewo, koma limalembedwa mbali imodzi yokha. Komabe imaposa kungolozerana zala.

Tiyeni titsatire mtengo wa kontena uja mpaka ukafike kwa wogula, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa masamu. Kontena ikakwera kuchoka pa madola 1,500 kufika pa 10,000, yawonjezera madola 8,500. Ngati mkati mwake muli mipando kapena matayala a madola 50,000, ndalama yowonjezerayo ndi 17 peresenti ya mtengo wa katunduyo, ndipo wogulitsa sangaimeze yekha. Ngati mkati muli mafoni kapena zovala zodula za madola 500,000, ndi 1.7 peresenti yokha, imene ingathe kubisika mu phindu. N'chifukwa chake katundu wolemera, wodya malo koma wotchipa ndi amene amayamba kukwera. Palinso nkhani ya mapangano. Makampani akuluakulu amagwirizana ndi eni sitima mtengo wa chaka chonse, pomwe ang'onoang'ono amalipira mtengo wa tsikulo. Mtengo wa tsiku ukalumpha, waung'ono amapsa nthawi yomweyo, wamkulu amadzapsa pangano lake likatha. Ndipo katundu amene wakwera sitima lero amatha milungu ingapo panyanja, masiku ena pa doko, kenako miyezi m'nyumba zosungiramo katundu asanakafike pa shelefu.

Kuchedwa kumeneku kunayezedwa. Akatswiri a bungwe la IMF, ataunika maiko 143 pa zaka pafupifupi 30, anapeza kuti mtengo wonyamulira katundu panyanja ukawirikiza kawiri, umawonjezera pafupifupi 0.7 pa chiwerengero cha kukwera kwa mitengo, monga kuchoka pa 3 peresenti kufika pa 3.7. Ululu wake umafika pachimake patatha chaka chathunthu ndipo umatha kukhalapo mpaka miyezi 18. Mitengo ya pa doko imasuntha m'miyezi iwiri yoyambirira, ya opanga zinthu imatsatira, ya m'masitolo imabwera pomaliza. Maiko a pazilumba, maiko opanda nyanja, ndi amene amadalira kwambiri katundu wakunja amamva kuwawa koposa. Tanthauzo lake kwa munthu wowerenga ziwerengero ndi lakuti mtengo wa kontena wa lero ukukuuzani za mitengo ya m'sitolo ya chaka chamawa, osati ya mwezi uno.

Koma kudula kwa sitima kokha sikukanafikitsa mitengo pa 9 peresenti. Chinthu china chimene chimakulitsa vuto ndi mmene maoda amafufumira akamabwerera m'mbuyo kuchoka kwa wogula kupita ku fakitale. Jay Forrester wa ku yunivesite ya MIT ku America anafotokoza izi kale mu 1961, ndipo akatswiri amaziyerekeza ndi chikwapu: dzanja limagwedezeka pang'ono, koma nsonga yake imaomba mwamphamvu. Masamu ake ndi awa. Sitolo imagulitsa zinthu 100 pa sabata ndipo imasunga katundu wa masabata awiri, ndiye kuti 200. Ogula akawonjezeka kufika pa 110, mwini sitolo saoda 110. Amaoda 110 zogulitsa, kuwonjezapo 20 kuti wosungidwa uja afike pa 220. Oda yake ndi 130. Wopikulitsa amene amasunga katundu wa masabata anayi amaona 130 m'malo mwa 100, ndiye amaoda 130 kuwonjezapo 120 yodzazira nkhokwe yake, zonse 250. Ogula akwera ndi 10 peresenti yokha, koma fakitale yaona maoda akukwera ndi 150 peresenti. Tsono katundu akayamba kuchedwa, aliyense amaoda msanga, ena amaoda kawiri kwa ogulitsa awiri kuti mmodzi akakanika wina apulumutse. Mzere wa sitima umatalika, kuchedwa kumakula, maoda amafufumanso. Chikwapuchi chimabwereranso: mu Meyi ndi Juni 2022 masitolo akuluakulu monga Walmart ndi Target analengeza kuti katundu wawachulukira, n'kuyamba kutsitsa mitengo kuti amuchotse.

Nkhani ya magalimoto ndi yophunzitsa kwambiri. Kumayambiriro kwa 2020 opanga magalimoto, poganiza kuti malonda afa, anachepetsa maoda awo a tizipangizo ta semiconductor, tinthu ting'onoting'ono tamagetsi timene timayendetsa makompyuta a m'galimoto. Mafakitale a tizipangizoti, ambiri mwa iwo ku Taiwan ndi South Korea, anapereka malowo kwa opanga makompyuta ndi mafoni, chifukwa anthu otsekeredwa m'nyumba ankagula zimenezo. Malonda a magalimoto atadzuka msanga, opanga magalimoto anapezeka ali kumapeto kwa mzere. Kupanga kachipangizo kamodzi kumatenga miyezi itatu kapena kuposa, ndipo kumanga fakitale yatsopano kumatenga zaka. Pamwamba pa izo, chisanu choopsa cha ku Texas mu Febuluwale 2021 ndi moto pa fakitale ya Renesas ku Japan mu Malichi zinaimitsa ena mwa mafakitale a tizipangizoti. Galimoto ya madola 40,000 inkaima pabwalo yosamalizidwa chifukwa chosowa kachipangizo ka madola ochepa. Anthu anathamangira magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo mu Juni 2021 mitengo yake ku America inali itakwera ndi 45 peresenti pa chaka. Njira yosasunga katundu wambiri, yomangolandira zipangizo pa nthawi imene zikufunika, imene Toyota inatchukitsa, imapulumutsa ndalama zambiri pa nthawi ya mtendere. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Pofuna kuyeza kuthinana konseku ndi nambala imodzi, Federal Reserve Bank ya New York inatulutsa muyeso wotchedwa Global Supply Chain Pressure Index mu Januwale 2022. Umaphatikiza mitengo ya sitima, monga Baltic Dry Index ndi Harpex, mitengo yonyamulira katundu pa ndege, ndi mayankho a mabwana ogula zipangizo m'mafakitale a ku China, Japan, South Korea, Taiwan, Britain, America ndi maiko a euro: katundu akuchedwa bwanji, maoda osakwaniritsidwa ndi ochuluka bwanji, zipangizo zosungidwa ndi zingati. Pali msampha umodzi umene opanga muyesowu anauona. Katundu amachedwanso malonda akamayenda bwino kwambiri, osati pokhapokha njira zikatsekeka. Choncho amayamba achotsa gawo limene likuchokera ku kuchuluka kwa maoda atsopano, kenako n'kuphatikiza zotsalazo. Muyesowu unafika pamwamba penipeni mu Disembala 2021, miyezi isanu ndi umodzi kukwera kwa mitengo ku America kusanafike pachimake pake, ndipo unabwerera mwakale kumayambiriro kwa 2023.

Kenako nkhondo. Russia italowa mu Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, mafuta osayenga a Brent, amene mtengo wake umatengedwa ngati muyeso pa dziko lonse, anadutsa madola 120 pa mgolo, muyeso wa mitengo ya chakudya wa bungwe la FAO unafika pamene unali usanafikepo mu Malichi, ndipo mu Ogasiti gasi ku Ulaya anadutsa mayuro 300 pa megawati-awala imodzi. Gasi ndi amene amapangira feteleza wa nayitirojeni, ndiye mtengo wake umakalowa mu zokolola za chaka chotsatira. Ku Ulaya vuto lalikulu linali limeneli. Ku America boma linali litathira ndalama zambiri m'matumba a anthu, kuphatikizapo madola 1.9 thililiyoni a mu Malichi 2021, zimene katswiri wa zachuma Larry Summers anachenjeza kuti zitenthetsa chuma. Walira mvula walira matope. Akatswiri ena awiri, Ben Bernanke ndi Olivier Blanchard, pa kafukufuku wawo wa 2023, anapeza kuti moto unayatsidwa makamaka ndi mitengo ya mafuta, chakudya ndi kusowa kwa katundu, osati ndi malipiro a antchito. Koma anaonanso kuti gawo lochokera ku kusowa kwa antchito, ngakhale linayamba laling'ono, ndi limene limakula pang'onopang'ono ndipo silichoka lokha.

Mfundo imeneyo ndi imene imayankha funso la mankhwala lija. Chiwongoladzanja sichitsitsa katundu mu sitima, sichikumba gasi, sichimanga fakitale. Chimene chimachita n'kudulitsa ngongole, kuti mabanja achepetse kugula nyumba ndi magalimoto, makampani aimitse kaye zomanga, ndalama ya dziko ilimbe, ndipo anthu akhulupirire kuti mitengo siipitirira kukwera chonchi. Katswiri wa zachuma Milton Friedman anachenjeza kalekale kuti zotsatira zake zimachedwa, ndipo kuchedwako sikufanana nthawi zonse. Mabanki aakulu ambiri amawerengera chaka chimodzi mpaka ziwiri. Zimatengeranso mmene ngongole za m'dzikomo zinapangidwira: ku America ngongole zambiri za nyumba zimakhala pa chiwongoladzanja chosasintha kwa zaka 30, pomwe ku Britain pangano lotere limakhala la zaka ziwiri kapena zisanu, ndiye kukweza komweko kumaluma msanga ku London kuposa ku Chicago. Pa chifukwa chimenechi, chiphunzitso chakale chimati vuto likakhala la kanthawi, lochokera ku kuchepa kwa katundu, banki ingolipenya lidutse. Ikakweza lero, mankhwala adzayamba kugwira ntchito wodwala atachira kale, n'kumufoola pachabe.

Chiphunzitsochi n'cholondola pa vuto limodzi lodutsa msanga. Chimalephera mavuto akamabwera motsatizana kwa zaka ziwiri. Mafuta akakwera kamodzi, anthu amadandaula n'kupitiriza moyo. Mitengo ikamakwera mwezi ndi mwezi, wantchito amapempha malipiro okwera poyembekezera za mawa, mwini kampani amakweza mitengo poyembekezera malipirowo, mwini nyumba amakweza lendi, ndipo kukwera kumayamba kudzidyetsa kokha ngakhale sitima zitayamba kuyenda bwino. Zimenezi n'zimene zinachitika m'zaka za m'ma 1970 mafuta atakwera kawiri, mu 1973 ndi 1979. Kuti azithetse, Paul Volcker, mkulu wa Federal Reserve panthawiyo, anafikitsa chiwongoladzanja pafupi ndi 20 peresenti mu 1981, ndipo ulova ku America unafika pa 10.8 peresenti kumapeto kwa 1982. Banki yaikulu ikamakweza chiwongoladzanja pa nthawi ya kuchepa kwa katundu, sikulimbana ndi sitima ayi. Ikutchinga kuti moto wa pa doko usalumphire pa malipiro ndi lendi.

Kuona kwanga n'kwakuti Federal Reserve sinalakwe ponena kuti mbali yaikulu ya vutoli inali yodutsa, koma inalakwa pokhala ndi chiwongoladzanja cha pafupi ndi ziro, uku ikugulabe ngongole za boma, chuma chitadzuka kale. Jerome Powell, mkulu wa bankiyi panthawiyo, anasiya kunena kuti kukwerako n'kwa kanthawi pa 30 Novembala 2021, koma kukweza koyamba kunabwera mu Malichi 2022. Zengerezu adalinda kwawukwawu: anachita kuthamanga, kukweza ndi 0.75 kanayi motsatizana, mpaka kufika pakati pa 5.25 ndi 5.5 peresenti mu Julayi 2023. Banki yaikulu ya Ulaya inachoka pa 0.5 pansi pa ziro mu Julayi 2022 kufika pa 4 peresenti mu Sepitembala 2023. Brazil, imene imakumbukira bwino zaka zake za mitengo yothamanga, inayamba mu Malichi 2021, kuchoka pa 2 kufika pa 13.75 peresenti mu Ogasiti 2022. Turkey inayenda chobwerera: inatsitsa kuchoka pa 19 kufika pa 14 peresenti kumapeto kwa 2021, ndalama yake ya lira inataya pafupifupi 44 peresenti ya mphamvu zake chaka chimenecho, ndipo mu Okutobala 2022 mitengo inali itakwera ndi 85.5 peresenti. Mu Malichi 2024 banki yomweyo inali pa 50 peresenti. Sitima ndi mafuta zinali zofanana kwa onse, kusiyana kunali pa zimene aliyense anachita kwawo.

Nkhani ya Turkey ikutifikitsa pa dola. Kafukufuku wa katswiri wa zachuma Gita Gopinath ndi anzake anaonetsa kuti pafupifupi 40 peresenti ya katundu wogulitsidwa pakati pa maiko amalembedwa mtengo mu madola, ngakhale gawo la America pa malonda a dziko lonse lili pafupi ndi 10 peresenti. Maiko awiri amene sagwiritsa ntchito dola amagulitsana katundu mu madola. Ndiye Federal Reserve ikakweza chiwongoladzanja, ndalama zimathamangira ku America, dola imalimba, ndipo dziko lina lililonse limaona mafuta, tirigu, feteleza ndi ngongole zake zakunja zikudula mu ndalama yake ngakhale mtengo wa mu madola sunasinthe. Mabanki a maiko amenewa amakakamizika kukweza nawo, osati chifukwa anthu awo akugula kwambiri, koma kuti ndalama yawo isagwe. Gawo la kugwa kwa ndalama limene limakafika pa mitengo ya m'sitolo limakhala laling'ono m'maiko amene anthu amakhulupirira banki yawo yaikulu, ndipo limakhala lalikulu komanso lofulumira kumene anthu anazolowera kuona ndalama ikugwa, chifukwa ogulitsa amakweza akangomva mphekesera.

Misonkho ya katundu wolowa m'dziko imayenda njira yofanana ndi ya kontena. America itaika misonkho yatsopano mu 2018, akatswiri a zachuma Mary Amiti, Stephen Redding ndi David Weinstein anapeza kuti pafupifupi msonkho wonse unalipiridwa ndi oitanitsa katundu a mu America momwemo, osati ogulitsa akunja. Kafukufuku wina wa Alberto Cavallo ndi anzake anaonetsa kuti m'masitolo mitengo inakwera pang'ono poyerekeza ndi pa doko, kutanthauza kuti ogulitsa anameza gawo lina mu phindu lawo. Chosangalatsa ndi nkhani ya makina ochapira zovala. Msonkho wake unali 20 peresenti pa makina 1.2 miliyoni oyambirira ndi 50 peresenti pa opitirira apo. Mitengo inakwera ndi pafupifupi 12 peresenti, opanga a m'dzikomo anakweza nawo poona kuti mpikisano wachepa, ndipo makina oumitsira zovala, amene analibe msonkho, anakweranso chimodzimodzi chifukwa amagulidwa pamodzi ndi ochapirawo. Msonkho umakweza mtengo kamodzi, ngati sitepe. Umasanduka kukwera kopitirira pokhapokha ukalowa m'malipiro ndi m'zoyembekezera za anthu.

Sitepe imeneyi imasokoneza owerenga nkhani ambiri. Chinthu chikachoka pa 100 kufika pa 110, kukwera kwa mitengo ndi 10 peresenti. Chikakhala pa 110 chaka chotsatira, kukwerako ndi ziro, koma mtengo sunatsike. Chiwerengero cha ku America chitatsika kufika pa 3 peresenti mu Juni 2023, mbali ina chinatsika chifukwa chinkayerekezedwa ndi Juni 2022, mwezi umene mafuta anali pamwamba. N'chifukwa chake akatswiri amayang'ananso chiwerengero chochotsapo chakudya ndi mafuta, amawerenga kusintha kwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi m'malo mwa chaka, ndipo amalekanitsa katundu ndi ntchito zothandiza anthu monga lendi, mayendedwe ndi chipatala. Katundu amatsatira sitima. Enawo amatsatira malipiro, ndipo ndi amene amachedwa kutsika. Lendi ndi mtengo wa malo okhala zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a muyeso wa ku America, ndipo zimasintha pang'onopang'ono chifukwa mapangano ambiri a lendi ndi a chaka.

Chaka cha 2024 chinapereka mpata woyesa maganizo onsewa. Kuyambira kumapeto kwa 2023 zigawenga za Houthi za ku Yemen zinkaombera sitima pa Red Sea, ndipo makampani ambiri anasiya ngalande ya Suez n'kumazungulira ku Cape of Good Hope, kuwonjezera masiku pafupifupi 10 pa ulendo wa pakati pa Asia ndi Ulaya. Nthawi yomweyo chilala chinachepetsa madzi pa ngalande ya Panama, ndipo sitima zololedwa kudutsa pa tsiku zinatsika kuchoka pa 36 kufika pa 22. Mtengo wa kontena, umene unali utabwerera pansi pa madola 1,500 mu Okutobala 2023, unayandikira madola 6,000 mu Julayi 2024. Koma mitengo ya m'masitolo ku America ndi ku Ulaya sinalumphe. Banki ya Ulaya inayamba kutsitsa chiwongoladzanja mu Juni 2024, Federal Reserve mu Sepitembala. Nthawi imeneyi madoko sanatsamwe ngati mu 2021, sitima zatsopano zambiri zimene zinaodedwa pa nthawi ya mitengo yokwera zinali zitayamba ntchito, nkhokwe za makampani zinali zodzaza, mafuta sanakwere ngati mu 2022, ndipo ogula anali atabwerera ku maulendo ndi malo odyera m'malo mogula katundu. Sitima zinadula pafupifupi kanayi, koma panalibe ogula okwanira okoka mbali inayo kuti wogulitsa alimbe mtima kukweza mtengo.